Ngwazi za Marvel ndi DC zokonda amuna kapena akazi anzawo: mafunso ndi mayankho

Ambiri timadziwa Batman, Superman ndi X-Men kudzera m'mafilimu, koma nkhani zawo zinayambira m'timabuku ta zithunzi totuluka mwezi ndi mwezi ku America. M'timabuku timeneti muli apangankhani aamuna okonda amuna anzawo ndi aakazi okonda akazi anzawo. Kuti alowemo panadutsa zaka zambiri, ndipo zimene zinkatsekula kapena kutseka khomo ndi malamulo a makampani, zofuna za akonzi ndi kayendedwe ka malonda.

Tikamati makomiki a ngwazi, tikunena mabuku otani?

Tikunena timabuku ta makampani awiri akuluakulu, Marvel ndi DC. Marvel ndi ya Disney kuyambira 2009, pamene DC ili pansi pa Warner Bros. Kabuku kamodzi kamakhala ndi masamba pafupifupi 32. Nkhani yeniyeni imatenga masamba 20 kapena 22, otsalawo ndi otsatsa malonda. Kamatuluka kamodzi pamwezi, kawirikawiri Lachitatu, pamtengo wa madola 4 kapena 5. Timabuku tikakwana tisanu kapena tisanu ndi kamodzi, amatisonkhanitsa n'kusindikiza buku limodzi lokhuthala.

Kabuku kamodzi kamadutsa m'manja mwa anthu angapo: mlembi, wojambula ndi pensulo, wodetsa mizere ndi inki, wopaka mitundu, wolemba mawu amene apangankhani akulankhula, ndi mkonzi woyang'anira onsewa. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa iwo amene ali mwini wa ngwaziyo. Onse ndi aganyu, mwini ndi kampani. Mlembi atha kulera mpangankhani zaka zisanu, koma akangochoka, wolowa m'malo mwake ali ndi ufulu womusintha, womupha kapena wongomuiwala. Zambiri zimene zili m'munsimu gwero lake ndi limeneli.

N'chifukwa chiyani anthu oterewa sankaoneka n'komwe kwa zaka zambiri?

Mu 1954 dokotala wa matenda a maganizo, Fredric Wertham, anatulutsa buku lotchedwa Seduction of the Innocent. M'bukumo ananena kuti makomiki akuwononga ana, ndipo za Batman ndi Robin anati moyo wawo uli ngati maloto a amuna awiri okondana okhala nyumba imodzi. Chaka chomwecho komiti ya nyumba ya malamulo ya Senate inachita msonkhano ku New York wofufuza ngati makomiki akuchititsa ana kupulupudza. Makampani anaopa kuti boma liwaikira lamulo, choncho anadzikhazikitsira okha bungwe loona zoyenera kusindikizidwa, la Comics Code Authority.

Kagwiridwe kake ka ntchito kanali kotere. Masamba ankatumizidwa ku bungweli asanasindikizidwe. Likakhutira, kabukuko kankalandira chidindo chooneka ngati sitampa ya kalata, choikidwa pakona ya chikuto. Ofalitsa ambiri ankakana kunyamula kabuku kopanda chidindocho, ndiye ngakhale silinali lamulo la boma, mphamvu zake zinali zofanana. Limodzi mwa malamulowo linkaletsa chimene ankachitcha kugonana kosokonekera, ngakhale kungokutchula mophiphiritsa, ndipo chikondi cha amuna kapena akazi okhaokha ankachiika m'gulu limenelo.

DC inachitanso zina zodzitetezera. Mu 1956 inapanga Batwoman woyamba, Kathy Kane, mkazi wofuna Batman, ndipo ambiri amaona kuti cholinga chinali kuzimitsa mphekesera za Wertham. Lamulo loletsalo linachotsedwa mu 1989, patatha zaka 35. Marvel inatuluka m'bungweli mu 2001, DC mu 2011, ndipo bungwelo linathera pomwepo. Mu 2012 katswiri wina wofufuza, Carol Tilley, ataunika mapepala a Wertham ku Library of Congress, anasonyeza kuti dokotalayu anapotoza mawu a ana amene ankawafunsa kuti agwirizane ndi mfundo zake.

Ndiye alembi amene ankafuna kulemba za anthuwa ankatani?

Ankalemba mozungulira, woti amve amve. Chris Claremont, amene analemba X-Men kuyambira 1975 mpaka 1991, ankaona Mystique ndi Destiny ngati banja. Akazi awiriwa ankakhala limodzi, analera limodzi mtsikana Rogue, koma pamasamba ankangotchedwa mabwenzi. Claremont ankafunanso kuti Nightcrawler akhale mwana wawo wobereka, popeza Mystique amatha kusandutsa thupi lake kukhala la mwamuna. Marvel inakana. Ganizo limenelo linadzalembedwa mu 2023, mu X-Men Blue: Origins, ndi mlembi wina, Si Spurrier.

John Byrne anachita zofanana kawiri. Ku Marvel ankalemba Northstar, ngwazi ya ku Quebec ya gulu la Alpha Flight, ali ndi maganizo akuti ndi mwamuna wokonda amuna, koma sanaloledwe kunena poyera. Ku DC anapanga Maggie Sawyer mu 1987, mkulu wa apolisi a mumzinda wa Superman. Mu 1988 analemba nkhani ya mwana wake wamkazi, ya ukwati wake umene unatha, ndi ya mtolankhani wamkazi Toby Raines amene ankakhala naye. Wowerenga aliyense wamkulu ankamva, ngakhale mawu enieniwo sanalembedwe paliponse.

Kuzungulira kotereku kuli ndi ngozi yake, ndipo Northstar ndiye anaiona. Bill Mantlo, amene analowa m'malo mwa Byrne, anayamba kumulemba akutsokomola ndi kufooka, n'cholinga choti zidzadziwike kuti ali ndi Edzi. Akuluakulu anakana. Mu 1987 nkhani inakhotetsedwa kuti akudwala chifukwa magazi ake ena ndi a timizimu ta ku Asgard, dziko longopeka la milungu. Chinthu chikangokhala chophiphiritsa, mkonzi atha kuchifafaniza ndi tsamba limodzi osapepesa aliyense.

Woyamba kunena poyera anali ndani?

Zimatengera chimene mukuwerenga. Ku DC, Extraño, wamatsenga wa ku Peru wopangidwa ndi Steve Englehart ndi Joe Staton, anaonekera mu 1988. Anamujambula monga momwe anthu onyoza amaganizira amuna oterewa, wa zovala zowala ndi makhalidwe okokomezeka, ndipo gulu lake linamenyana ndi chilombo choyamwa magazi chofalitsa HIV. Ndi chiyambi chochititsa manyazi. Pied Piper, amene kale anali mdani wa Flash, anaulula bwinobwino kwa Wally West, yemwe ndi Flash mwiniyo, mu The Flash nambala 53, mu 1991, pokambirana wamba padenga la nyumba. Mlembi anali William Messner-Loebs, ndipo mpaka pano tsamba limenelo limawerengeka bwino kuposa ambiri a nthawi imeneyo.

Ku Marvel woyamba ndi Northstar, mu Alpha Flight nambala 106, ya mu 1992, yolembedwa ndi Scott Lobdell. Apeza khanda lotayidwa limene lili ndi Edzi, alitenga ngati mwana wake, kenako ali mkati momenyana ndi ngwazi yakale imene mwana wake anafa ndi matenda omwewo, akuwa kuti iyenso ndi mwamuna wokonda amuna. Kabukuko kanagulidwa konse m'masiku ochepa ndipo nyuzipepala zikuluzikulu zinalemba. Chotsatira chake ndiye chomvetsa chisoni. Nkhaniyo inangoti zii. Timabuku tinayi ta Northstar yekha ta mu 1994 sitinaikhudze kwenikweni. Chibwenzi chake chokhazikika, Kyle Jinadu, chinaonekera mu 2009, patatha zaka 17.

Amagamula ndani kuti mpangankhani akhale wotere?

Mlembi amapereka ganizo kwa mkonzi wa kabukuko. Mkonziyo amapita nalo kwa woyang'anira gulu lonse la timabuku, monga ta X-Men kapena ta Batman. Ngati mpangankhaniyo ndi wotchuka, ganizolo limakwera mpaka kwa mkonzi wamkulu, ndipo poti dzina lake limagulitsanso zidole, zovala ndi mafilimu, a zamalonda nawonso amaikapo mlomo. Ganizo litha kufa pa sitepe iliyonse, ngakhale masamba atajambulidwa kale. Apollo ndi Midnighter, amene Warren Ellis ndi Bryan Hitch anawapanga mu 1998 ku kampani ya makomiki ya WildStorm, anali okondana kuchokera pachiyambi, koma DC itagula WildStorm, chithunzi china cha awiriwa akupsompsonana chinasinthidwa chisanasindikizidwe.

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi cha Batwoman mu 2013. Kate Kane, Batwoman watsopano, anali atafunsira Maggie Sawyer mu nambala 17. Mu September chaka chimenecho alembi J.H. Williams III ndi W. Haden Blackman analengeza kuti akusiya ntchito, ndipo chimodzi mwa zifukwa zawo chinali chakuti DC inawaletsa kuonetsa ukwatiwo. Dan DiDio, mmodzi wa akuluakulu a kampaniyo, anayankha kuti vuto silinali loti ndi akazi okhaokha, koma kuti ngwazi za banja la Batman siziyenera kukhala ndi moyo wachimwemwe kunyumba. N'zoona kuti nthawi imeneyo DC inali itathetsa maukwati ambiri, ngakhale wa Superman ndi Lois Lane. Koma kulanda ukwati kwa Superman, amene anali nawo kuyambira 1996, sikufanana ndi kuukaniza kwa mkazi amene anthu a mtundu wake sankauona kawirikawiri pamasamba a DC.

Si nthawi zonse pamene mkonzi amakhala wotsekereza. Allan Heinberg, polemba Young Avengers ya mu 2005, poyamba anaganiza zoti Hulkling akhale mtsikana wodzisandutsa mnyamata, poopa kuti Marvel siingalole kuti iye ndi Wiccan akhale anyamata awiri okondana. Mkonzi wake, Tom Brevoort, anagwirizana nazo zoti angomulemba ngati mnyamata basi.

Nanga akazi? Nkhani yawo inayenda mofanana?

Inachedwa kuyamba, koma zolembedwa bwino koposa zili kumeneku. Renee Montoya anapangidwira katuni ya Batman ya pa TV ya mu 1992. Mu 2003 Greg Rucka ndi wojambula Michael Lark analemba nkhani yake mu Gotham Central, nambala 6 mpaka 10. Montoya ndi wapolisi wofufuza milandu, mwana wa makolo Achikatolika ochokera ku Dominican Republic. Tsiku lina alowa muofesi, apeza chithunzi chake akupsompsonana ndi chibwenzi chake chachikazi, Daria, chitakhomedwa pabolodi, apolisi anzake atachizungulira. Chithunzi chomwecho chatumizidwanso kwa makolo ake. Amene wachita zimenezi ndi chigawenga Two-Face, pofuna kumugwetsera zonse kuti asakhalenso ndi kolowera kwina koma kwa iye. Nkhaniyo ikamatha chigawenga chagwidwa, koma makolo amukana, ndipo Montoya akulira m'galimoto, Daria atamukumbatira. Inalandira mphoto ya Eisner, mphoto yaikulu ya makomiki ku America, mu 2004.

Kate Kane, Batwoman watsopano, anaonekera mu 2006 mu mndandanda wotchedwa 52. Nyuzipepala zinathamangira kunena kuti ndi mkazi wolemera wokonda akazi, koma umunthu wake unadzamangidwa mu 2009 mu Detective Comics, kuyambira nambala 854, ndi Rucka yemweyo ndi J.H. Williams III. Kate anali pasukulu ya usilikali ya West Point m'nthawi ya lamulo limene linkalola munthu wotere kukhala msilikali pokhapokha akabisa, lamulo limene linagwira ntchito kuyambira 1994 mpaka 2011. Mkulu wake amuitana, amuuza kuti angokana mlanduwo, nkhani ithere pomwepo. Iye akumbutsa mkuluyo lumbiro la pasukulupo lakuti wophunzira usilikali sanama, avula mphete ya sukulu, aisiya patebulo. Kufuna kwake kutumikira kumene kunakanidwa kumeneko ndi kumene kunamupanga Batwoman. Ichi ndicho chimasiyanitsa nkhani yabwino ndi chilengezo chabe: mukachotsa chikondi chake, chiyambi chonse cha ngwaziyo chimagwa.

Ku Marvel kuli Karolina Dean wa mu Runaways, ndi America Chavez amene anatchuka mu Young Avengers ya mu 2013 ya Kieron Gillen ndi Jamie McKelvie.

Bwanji osangopanga ngwazi zatsopano m'malo mosintha zakale?

Funsoli limafunsidwa ndi otsutsa komanso ndi ena ogwirizana nazo. Njira zilipo zitatu ndipo iliyonse ili ndi pogwera pake.

Kupanga watsopano n'kosavuta pa nkhani, chifukwa palibe mbiri yakale yoti igundane naye. Vuto ndi msika. Ogula makomiki a ngwazi amatsata mayina amene akuwadziwa, ndipo watsopano aliyense, kaya akonde ndani, savuta kuzimiririka mlembi wake akachoka. Bunker wa mu Teen Titans ya mu 2011 anayamba bwino, kenako anasowa kwa nthawi yaitali. Wiccan ndi Hulkling anapulumuka chifukwa anamangiriridwa ku mayina akuluakulu: Wiccan ndi mwana wa Scarlet Witch, Hulkling ndi mwana wa Captain Marvel woyamba.

Njira yachiwiri ndi yogwiritsa dziko lina. Makampani onse awiri ali ndi maiko ambiri ongopeka oyendera limodzi, momwe ngwazi imodzi imakhala ndi moyo wosiyana. Mu 2012 James Robinson analemba Alan Scott, Green Lantern woyamba wa mu 1940, ngati mnyamata wokonda amuna mu Earth 2. Kampani imapeza mutu wa nyuzipepala osakhudza ngwazi yeniyeniyo. Alan Scott wa m'dziko lenileni la DC, nkhalamba ya ana awiri, anadzaulula kwa ana akewo mu 2021, ndipo mu 2023 Tim Sheridan analemba timabuku tisanu ndi kamodzi tosonyeza momwe ankabisalira m'zaka za m'ma 1940.

Yachitatu ndi youlula wakale. Iceman anapangidwa ndi Stan Lee ndi Jack Kirby mu 1963. Mu All-New X-Men nambala 40, ya mu 2015, Brian Michael Bendis analemba Jean Grey akuwerenga maganizo a Bobby (dzina lenileni la Iceman) wachinyamata, wobweretsedwa kuchokera m'nthawi yakale, n'kumuuza pamaso kuti amakonda amuna. Bobby wamkulu anavomera mu Uncanny X-Men nambala 600. Odandaula anali a mitundu iwiri. Ena ankati nanga zibwenzi zake zakale, Polaris, Opal Tanaka, Kitty Pryde? Yankho lake n'losavuta, chifukwa amuna ambiri obadwa m'nthawi yovuta anakhalapo ndi akazi asanavomere, ndipo zibwenzi za Bobby zinkatha mofanana, iye akuthawira ku nthabwala. Dandaulo lachiwiri ndi lolemera: Jean analowa m'mutu mwa mnzake popanda chilolezo n'kumulanda mwayi wonena yekha, ndipo kabukuko kanazitenga ngati kukoma mtima. Pamenepo odandaula sanalakwe.

Kodi n'zoona kuti Superman tsopano amakonda amuna?

Ayi, si Clark Kent, Superman amene timamudziwa. Ndi mwana wake ndi Lois Lane, Jon Kent, amene anatenga dzina la Superman bambo ake ali kutali. Mu Superman: Son of Kal-El nambala 5, ya mu November 2021, yolembedwa ndi Tom Taylor, Jon anapsompsonana ndi mtolankhani wamwamuna Jay Nakamura. Jon amakonda amuna ndi akazi omwe. Chimodzimodzinso Robin: si Dick Grayson wa nthawi ya Wertham, koma Tim Drake, Robin wachitatu, amene anavomera kukayenda ndi mnzake Bernard Dowd mu Batman: Urban Legends nambala 6, mu August 2021.

Chimene chimalakwika kawirikawiri n'chiyani?

Choyamba ndi imfa. Mu 2006 Robert Kirkman anapanga Freedom Ring mu Marvel Team-Up. Anaonekera mu nambala 20, ndipo mu nambala 24 anali atalasidwa ndi zitsulo thupi lonse n'kufa, pa nthawi imene Marvel inkamutchula ngati umboni woti ili ndi ngwazi yotere. Kirkman anadzanena pambuyo pake kuti akumva chisoni ndi zimenezo. Kumayambiriro kwa 2005 Northstar anaphedwa katatu m'timabuku titatu tosiyana m'milungu yochepa, kamodzi ndi Wolverine ndipo kawiri m'maiko ena. Alan Scott wa mu Earth 2 anatulutsa mphete kuti afunsire chibwenzi chake Sam m'sitima ya pamtunda ku China, sitimayo n'kuphulika nthawi yomweyo. N'zoona kuti m'makomiki aliyense amafa ndipo ambiri amauka, Northstar nayenso anauka. Koma pamene anthu oterewa ali owerengeka, imfa imodzi imachotsa gawo lalikulu la onse, ndipo wosatchuka sauka.

Chachiwiri ndi chikondi chosaoneka. Wiccan ndi Hulkling anali pachibwenzi kuyambira 2005, koma anapsompsonana koyamba pamasamba mu 2012, mu Avengers: The Children's Crusade nambala 9. M'zaka zisanu ndi ziwiri zimenezo anzawo okonda atsikana ankapsompsonana momasuka.

Chachitatu ndi kugwiritsa munthu wotere ngati phunziro la ngwazi ina. Mu Green Lantern nambala 154, ya mu 2002, Judd Winick analemba Terry Berg, mnyamata wa zaka 17 wothandizira Green Lantern Kyle Rayner, akumenyedwa mpaka kukomoka chifukwa anaoneka ndi chibwenzi chake. Inalembedwa ndi mtima wabwino ndipo inakhudza anthu ambiri, komabe masamba ambiri ndi a mkwiyo wa Kyle, Terry ali gone m'chipatala.

Chachinayi n'chatsopano. Kuyambira 2021 makampani onse awiri amatulutsa buku lapadera mwezi wa June, monga DC Pride ndi Marvel's Voices: Pride. Mumakhala tinkhani tifupitifupi tabwino, ndipo alembi ndi ojambula atsopano amapeza polowera. Koma mpangankhani amene amaoneka masamba asanu ndi atatu mu June n'kusowa miyezi khumi ndi umodzi sakula. Choyezera chabwino ndi kuyang'ana kuti mu October ali kuti.

N'chifukwa chiyani timabuku ta ngwazi zimenezi timathetsedwa msanga?

Manambala ake ndi awa: Midnighter ya Steve Orlando inatha pa 12, America ya Gabby Rivera pa 12, Iceman ya Sina Grace pa 11, World of Wakanda pa 6, Superman: Son of Kal-El pa 18. Kuti mumvetse muyenera kudziwa momwe timabukuti timagulitsidwira.

Kasitomala weniweni wa Marvel ndi DC si wowerenga, ndi mwini sitolo ya makomiki. Iye amaitanitsa kuchokera mu katalogi miyezi iwiri kabuku kasanatuluke, ndipo mwayi womaliza wosintha chiwerengero umatha pafupifupi milungu itatu tsiku lotulukira lisanafike. Zimene waitanitsa sabweza. Zikatsala pashelefu, ndalama yalowa m'madzi ndi yake. Choncho amaitanitsa nambala 1 yochulukirapo, n'kudula nambala 2 ndi 3 asanaone n'komwe ngati anthu akonda yoyambayo. Kampani imayang'ana maoda amenewa, ndipo pofika nambala 4 kapena 5 imakhala itagamula kale. Owerenga atsopano amene timabuku totere timakopa nthawi zambiri salowa m'masitolo amenewa. Amadikira buku lokhuthala, amagula m'masitolo a mabuku wamba kapena pa intaneti, kapenanso kubwereka ku laibulale. Ndalama yawo imafika chigamulo chitachitika. Iceman inabwezeretsedwa mu 2018 kwa timabuku tisanu, mabuku ake okhuthala atayenda bwino.

Mu 2017 David Gabriel, mkulu wa zamalonda ku Marvel, ananena kuti eni masitolo akuti anthu atopa ndi ngwazi zosiyanasiyana mitundu, ndipo anadzafewetsa mawuwo anthu atakwiya. Mu 2019 Sina Grace analemba poyera kuti kampaniyo sinamuthandize mokwanira kutsatsa buku lake kapena kumuteteza kwa omunyoza pa intaneti. Tisaiwalenso kuti masiku ano timabuku tambiri ta ngwazi zosatchuka, za mtundu uliwonse, sitidutsa nambala 12. Wofuna kuti kabuku kapitirire ayenera kuuza mwini sitolo kuti amusungire nambala iliyonse tsiku lomaliza la maoda lisanakwane, chifukwa oda yotereyi ndiyo imawerengedwa.

Alipo amene anafika pokwatirana?

Alipo. Apollo ndi Midnighter anakwatirana mu The Authority nambala 29, mu 2002, n'kulera mwana wamkazi, Jenny Quantum. Northstar ndi Kyle Jinadu anakwatirana ku Central Park mu Astonishing X-Men nambala 51, mu June 2012, chaka chimodzi boma la New York litaloleza maukwati otere. Mlembi Marjorie Liu anaikamo mnzawo wa m'gulu, Warbird, akukana kubwera chifukwa sakhulupirira ukwati wotere, ndipo zimenezo zinapangitsa tsikulo kuoneka lenileni. Wiccan ndi Hulkling anakwatirana mu 2020 m'nkhani ya Empyre, ndipo Mystique ndi Destiny anachitiridwa mwambo wawo pamasamba mu 2024.

Pali a ku Africa?

Odziwika ndi Ayo ndi Aneka a ku Wakanda, dziko longopeka la Black Panther. Onse ndi a Dora Milaje, asilikali aakazi olondera mfumu, amene Christopher Priest anawapanga mu 1998 ngati akazi osungidwira mfumuyo mwamwambo. Mu Black Panther ya Ta-Nehisi Coates ya mu 2016, Aneka aweruzidwa kuti aphedwe chifukwa chopha mfumu ya mudzi imene inkazunza atsikana. Ayo aba zovala zankhondo ziwiri, amutulutsa m'ndende, ndipo awiriwo ayamba kuteteza akazi a m'midzi amene nyumba yachifumu inawataya. Chiyambi cha chikondi chawo chinalembedwa ndi Roxane Gay mu World of Wakanda, zithunzi za Alitha Martinez. Mndandandawo unathetsedwa mu 2017, kenako n'kulandira mphoto ya Eisner mu 2018. Mufilimu ya mu 2022 ubwenzi wawo unatsala kamphindi kamodzi, Aneka akupsompsona Ayo pachipumi. Kumbukirani kuti Wakanda amalembedwa ku America, ndipo mafunso amene amayankha ndi a owerenga a kumeneko.

Kodi timabukuti ndi toyenera ana?

Makomiki ambiri a ngwazi a masiku ano amalembedwera achinyamata ndi akuluakulu, ndipo chimene chimakweza msinkhu kawirikawiri ndi chiwawa ndi magazi. Yang'anani pachikuto, pafupi ndi mizere ya mtengo. Ku DC mupeza 13+, ndipo a gulu lotchedwa Black Label ndi 17+. Ku Marvel T+ ndi ya zaka 13 kupita m'tsogolo, Parental Advisory ndi ya okulirapo, MAX ndi ya akuluakulu okha. Mwa timabuku ta 13+ ndi T+, chimene chimaoneka pa okondana a mtundu uliwonse ndi kugwirana manja, kupsompsonana, mwina kudzuka pabedi limodzi. Kale muyezo sunali wofanana: mu 2003 Marvel inaika Rawhide Kid pansi pa MAX ndi chenjezo lalikulu pachikuto, ngakhale munalibe zogonana, chifukwa chongoti mpangankhani wamkulu anali wokonda amuna. Kholo lofuna kudziwa litha kutsegula lokha, masamba 20 satenga mphindi khumi ndi zisanu.

Otsutsa anachitapo chiyani?

Mu 2012 gulu la One Million Moms la ku America linapempha Marvel ndi DC kuti zisiye nkhani za Northstar ndi Alan Scott. Makampani sanasinthe. Mu 2009 Peter David atalemba Rictor ndi Shatterstar akupsompsonana mu X-Factor nambala 45, Rob Liefeld, amene anapanga nawo Shatterstar, ananena kuti akufuna kudzazifafaniza, koma poti mwini ndi Marvel, sizinatheke. Umwini wa kampani umadula mbali zonse ziwiri.

Nkhani yaikulu inachitika ku Brazil mu September 2019. Meya wa Rio de Janeiro, Marcelo Crivella, analamula kuti buku la Avengers: The Children's Crusade lichotsedwe pachionetsero cha mabuku chifukwa cha chithunzi cha Wiccan ndi Hulkling, ndipo anatumiza oyendera a mzinda kukafufuza. Bukulo linagulidwa lonse, nyuzipepala ya Folha de S.Paulo inasindikiza chithunzicho patsamba loyamba, ndipo khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti meya alibe mphamvu yolanda mabuku.

Wofuna kuwerenga ayambire pati?

Yambani ndi mabuku okhuthala amene nkhani yake imatha yokha. Gotham Central, gawo la Half a Life la nkhani ya Montoya ija, silifuna kuti mudziwe zambiri za Batman. Batwoman: Elegy ili ndi zithunzi zimene zimayala masamba awiri nthawi imodzi, ndiye pafoni zimavuta, ndi bwino papepala kapena pakompyuta. Young Avengers muyambe ya 2005, kenako The Children's Crusade, kenako ya 2013, apo ayi za makolo a Wiccan zikusokonezani. Midnighter ya 2015 ndi yachiwawa kwambiri, si ya ana. World of Wakanda imamveka bwino mukayamba mwawerenga buku loyamba la Black Panther ya Coates. Pofufuza onetsetsani chaka pamodzi ndi dzina, chifukwa makampaniwa amayambiranso pa nambala 1 kawirikawiri: Batwoman ya 2011 ndi ya Williams ndi Blackman, ya 2017 ndi ya Marguerite Bennett, ndipo Iceman ya Sina Grace ilipo ya 2017 ndi ya 2018.